Kunyanja kwa phee kulipo, koma yambani mwaona tsiku

Zikomo mayi, ndipo ndikuyamikireni inu ndi bambo akunyumba pokwanitsa zaka 10 muli m'banja. Mwafunsa kuti kuchokera ku Lilongwe mupite ku Salima kapena ku Cape Maclear, masiku atatu, anthu awiri okha, ana atsala ndi agogo awo, ndipo mwati chomwe mukufuna ndi bata. Mwatinso tsiku lanulo lili pakati pa Okutobala.

Ndiyambire pa tsikupo, chifukwa ambiri amene akuyankhani akungotchula mayina a malo ogona. Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, ndipo mlungu umenewo dziko lonse limakhamukira kunyanja. Mabasi amafika m'mawa atadzaza amayi a kumpingo ndi a banki m'khonde, atavala nsalu zofanana, mapoto a mpunga ndi zimkuzamawu zili pamwamba. Ndi tsiku lawo, asangalale ndithu, koma inu bata simulipeza ngakhale mulipire chipinda chodula chotani. Ngati tsiku lanu lagundana ndi limeneli, idyani keke kunyumba, ulendo muusunthire mlungu wotsatira. Ndipo nyamukani Lolemba kapena Lachiwiri, mubwereko Lachinayi. Gombe lomwe limachita phokoso Loweruka, Lachitatu mumalipeza lili ndi asodzi okhaokha akusoka maukonde.

Senga Bay ku Salima ndi pafupi, maola awiri mwafika, ndipo vuto lake ndi lomwelo: aliyense wa mu Lilongwe amene ali ndi galimoto amathamangira komweko. Kumachitikanso misonkhano ya maofesi kwambiri. Mukhoza kupezeka pa chakudya cham'mawa mukupatsana moni ndi abwana anu akuntchito.

Cape Maclear ndi kokongola, sindingakane. Ndi m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mukakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi, madzi ake ndi oyera moti mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija, mumationa tikukuzungulirani m'miyendo. Oyendetsa boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera m'mitengo kudzaiwakha inu mukuona. Dzuwanso kumeneko limalowera cha kumadzi, ndiye zithunzi za madzulo zimatuluka bwino. Koma dziwani kuti malo ogona ambiri ali m'kati mwenimweni mwa mudzi wa Chembe, mudzi waukulu wa asodzi. M'mawa pagombe pamakhala amayi akuchapa ndi kutsuka mbale, ana akusambira, mainjini a maboti akulira, anyamata ogulitsa zosema ndi mikanda akukutsatirani, usiku n'kubwera nyimbo za m'mabala. Wokonda anthu amasangalala nazo. Ngati mtima wanu uli komweko, funani chipinda chakumapeto kwa gombe, mbali ya ku Otter Point.

Ine ndikadakhala inu ndikadapita komwe simunatchule: ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. N'kutali, ndipo kutalikako ndi kumene kwasunga bata lake. Mumadzera ku Salima n'kulowa msewu wa M5, kudutsa Nkhotakota, minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, mpaka Kande ndi Chintheche. Gombe la kumeneko ndi lalitali, la mchenga woyera wosalala, lodukizadukiza ndi miyala ikuluikulu, ndipo malo ogona ali motalikirana, ena obisika m'mitengo ya mango. Mukhoza kuyenda nthawi yaitali pamchenga osakumana ndi munthu wokugulitsani kanthu. Kuno dzuwa limatulukira m'nyanja, choncho dzukani m'bandakucha kamodzi kokha mukaone mabwato akubwerera kuchokera kokapha usipa. Usiku nyali zawo zimandandalika pamadzi ngati mzinda wa tsidya lina. M'mawamo amatsitsa nsomba zikali kunyezimira, amayi atadikira ndi mabeseni, kutsatsana malonda m'Chitonga. Gulani batala kapena kampango pomwepo, mukapemphe akukhitchini akuotchereni, ndipo musachite manyazi kuitanitsa kondowole m'malo mwa tchipisi. Nsima ya chinangwa imeneyo ndi nsomba yootcha, kwawo n'komweko.

Tsiku lachiwiri, dzuwa likapepa, pitani ku Bandawe, ndi pafupi. Amishoni a Livingstonia, omwe mmodzi mwa iwo anali Dr Robert Laws, anayamba kumanga ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka anakwera phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale cha njerwa chikadalipo, manda a amishoni alinso m'dera lomwelo. Anthu amene munalumbira pamaso pa mpingo, kukhala pansi m'tchalitchi choterocho n'kupemphera awiri ndi chinthu chomwe ndingakulimbikitseni ndi mtima wonse.

Nyengo mwasankha yabwino. Mwera, mphepo ija imavundula nyanja cha mu Juni mpaka Ogasiti, umakhala utachepa, mvula isanayambe, madzi ali bata. Kumatentha zedi, ndiye funsani ngati m'chipinda muli fani, komanso ngati ali ndi sola kapena jenereta magetsi akazima.

Musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, imbani foni mulankhule ndi munthu. Funso loyamba likhale ili: kodi masiku amenewo pali ukwati, chinkhoswe kapena msonkhano pamalopo? Ukwati umodzi wokha umakwanira kukulandani tulo mpaka m'bandakucha. Kenaka apempheni akujambulireni gombe lawo tsiku lomwelo akutumizireni pa WhatsApp. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri ndipo malo ena mchenga unamira, pomwe zithunzi za pa Facebook n'zakale. Funsaninso mtengo wa Amalawi m'makwacha, popeza malo ambiri ali ndi mtengo wina wa alendo akunja, ndipo auzeni kuti mukukondwerera zaka 10 za ukwati. Ena amakuyalirani tebulo pamchenga popanda kuwonjezera ndalama.

Za thanzi ndisazisiye. Musasambe pomwe pali bango ndi madzi odikha, chifukwa m'menemo ndi mokhala nkhono zofalitsa likodzo. Sambani pamchenga poyera pomwe mafunde amamenya, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu mukayezetse kuchipatala, mankhwala ake alipo. Pewani pomwe mtsinje umathira m'nyanja, ng'ona ndi mvuu zimakonda pamenepo, ndipo usiku m'madzi musalowemo ngakhale kutenthe bwanji. Neti muione ndi maso anu kuti ilibe zibowo. Boti lopanda majekete oyandamitsa musakwere.

Wina mwa okuyankhani watchula chilumba cha Likoma. Ndi kwa phee zedi, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Peter's n'choyenera kuchiona, koma sitima ya Ilala imazungulira nyanja kamodzi pa mlungu, ndiye masiku atatu sangakukwanireni. Kusungeni kumeneko, mudzapite mukadzakhala ndi tchuthi chotalikirapo.

Pempho langa lomaliza: musauze anzanu ambiri za ulendowu usanachitike. Pamakhala banja lina lomwe limati tipitire limodzi tigawane mafuta, ndipo kukana kumavuta. Mafutawo thirani odzaza ku Lilongwe, muwonjezere ku Nkhotakota mukawapeza, tenganiko ndalama zapamanja, ndipo nyamukani m'mamawa chifukwa M5 ili ndi zigawo zokumbika zosafunika kuyendamo kukada.