Mwaitanidwa kukaona mabuku a eni? Pitani, koma musabwereke tsiku loyamba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Area 25. Akuti mnzake wamuitana kwawo kuti akaone mabuku a bambo ake, mphunzitsi wopuma pantchito amene anadzaza chipinda chathunthu ndi mabuku. Akufunsa kuti, "Kodi ndingapemphe kubwereka awiri kapena atatu? Nanga ndipite ndi chiyani m'manja?"

Achemwali, pitani ndithu. Koma zobwerekazo muyambe mwadikira.

Inenso ndinaitanidwapo chonchi ndi mnzanga wa ku Area 47 amene akusunga mabuku a malemu bambo ake. Linali Loweruka lina mu June, kukuzizira. Ndinakwera minibasi ku depoti, kenako kabaza mpaka pageti, m'mutu ndili ndi maganizo ngati anuwa.

Chipindacho chinali chaching'ono. Mashelefu ake anali matabwa osanjika pa njerwa, ndipo anawatalikitsa ndi khoma chifukwa cha chiswe. Anandionetsa katoni imodzi imene inakhalitsa pansi nyengo ya mvula: kunja inkaoneka yabwinobwino, mkati munali dothi lokhalokha. Kenako anatulutsa Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa pa mishoni ya Nkhoma, lomwe linatuluka mu 1933 ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingelezi mu 1934. Chikuto chinali chomatidwa ndi pepala la khaki, masamba ake achikasu, ofewa ngati nsalu yakale. Ena mwa mabukuwo anali okutidwa ndi nyuzipepala, osalembedwa dzina kunja. Mnzangayo anati bambo ake ankatero nthawi ya Kamuzu, pamene lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu zoletsa mabuku, ndipo kupezeka ndi buku loletsedwa unali mlandu.

Chimene chinanditseka pakamwa ndi kope lina lakale. M'menemo malemuwo ankalemba dzina la aliyense wobwereka, buku lake ndi tsiku. Likabwezedwa ankakhwatcha dzinalo. Ndinatsegula masamba angapo, ndipo mayina osakhwatchidwa anali mbwee. Mnzanga anangoloza mipata pa shelefu, osanena kanthu. Ambiri mwa mabuku otere simungawapezenso m'mashopu a mu Lilongwe muno, ndiye likapita lapita. Mukapempha tsiku loyamba, bambo a mnzanuwo achita manyazi kukukanizani chifukwa ndinu mnzake wa mwana wawo, koma mtima wawo sukhala m'malo mpaka litabwera.

Ngati cholinga ndi kupita ndi buku kunyumba, kuli National Library Service ku City Centre, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967. Ntchito yake ndi imeneyo. Kwa bambowa pitani kukawerengera pomwepo ndi kukamva zimene akudziwa. Afunseni kumene anagula buku lakutilakuti, kaya ku Likuni, kaya ku Nkhoma, muona mmene nkhani zitulukire.

Za m'manja musavutike nazo: shuga ndi buledi mupatse amayi a pakhomopo. Sambani m'manja musanagwire buku, makamaka mukadya. Osanyowetsa chala ndi malovu potsegula, osapinda ngodya ya tsamba. Mukafuna kujambula tsamba ndi foni, pemphani kaye.

Ife tsiku limenelo magetsi anazima cha m'ma 6 koloko. Amayi ake anatibweretsera nsima ya nkhwani wotendera ndi usipa, tinadya pa kandulo. Titasamba m'manja kachiwiri, mnzanga anaika kanduloyo patali ndi mapepala n'kuyamba kuwerenga mokweza, akumapunthwa pa kalembedwe kakale ka Chinyanja. Amayiwo anabwera kudzakhala pakhomo la chipindacho, n'kumamukonza mawu ena amene ifeyo sitinkawadziwa. Anati amuna awo ankawawerengera chimodzimodzi atangokwatirana kumene.

Mlendo ndi mame, ndiye inuyo musakhalitse ngati ine. Usiku minibasi za ku Area 25 zimasowa, nyamukani kusanade kwambiri. Ine ndinapezeka ndagona pampando.

Buku ndinadzabwereka pa ulendo wachitatu, ndipo anachita kundipatsa yekha mnzangayo ndisanapemphe. Anatsegula kope lija n'kulemba dzina langa pansi pa dzina lomaliza limene bambo ake analemba. Patatha masabata awiri ndinakalikhwatchitsa.