Sola yanu siikuopa kuzizira, amayi

Mayi wina wa ku Katete wandilembera imelo kuti chiyambire June sola yawo ikumazima nyuzi ya madzulo isanathe, ndiye akufunsa ngati mapanelo amafooka ndi chisanu. Amayi, funso lanuli landikumbutsa manyazi anga.

Mu 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, nanenso ndinagula panelo ya mawati 300 ndi batire limodzi kuno ku Chipata. Mnyamata amene anadzaiika anangoigoneka pamalata, mbali yomwe makwerero ake anafika. Pofika June, mababu ankathima tikudya nsima. Ndikamuimbira foni yankho linali limodzi: "Bwana, n'kuzizira uku, dikirani October." Ine n'kumadikiradi, sikono kupiringizapiringiza m'khosi, kumauzanso anzanga kuti sola ndi ya chilimwe.

Anandipulumutsa ndi amalume, amene anagwirapo ntchito ya zamagetsi, atabwera kuchokera ku Lundazi kudzakhala nafe sabata imodzi. Anaima pabwalo m'mawa, kapu ya tiyi kumanja, n'kuyang'ana padenga nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati, "Mphwanga, dzuwa la June limadutsa mbali iti?" Ndinaloza kumpoto. "Nanga panelo yakoyi yapenya kuti?" Inali itapenya kum'mwera. Kuwonjezera apo, nthambi ya mango inkaiphimba ngodya imodzi mpaka cha m'ma 11 koloko, pamwamba pake fumbi loti mutha kulembapo dzina ndi chala.

Mtengo wa mangowo anadzala ndi apongozi anga, ndiye kudula nthambi imodzi yokha kunafuna zokambirana za masiku anayi, ndi lonjezo loti mango oyamba azipita kwa iwo. Mpaka lero akabwera amayamba ayendera chipsera cha nthambiyo asanatipatse moni.

Ndinene mosapsatira: wokuuzani kuti chisanu chimapha panelo, kaya sadziwa ntchito yake, kaya akubisa zimene analakwitsa. Panelo imadya kuwala, osati kutentha. Mawati olembedwa kumbuyo kwake anayezedwa panelo ili pa madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yopitirira pamenepo imachotsako mphamvu pafupifupi 0.4 peresenti. Mu October, malata akamawotcha ngati chiwaya, panelo imatha kufika madigiri 60, n'kutaya kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Tsiku lozizira koma kumwamba kuli mbee, ndi pomwe imagwira ntchito mosangalala. Bwanji ku Germany, kumene kumagwa chipale, madenga ali thoo ndi mapanelo? Chimandiwawa n'choti aliyense wokhala ndi pulayazi masiku ano ndi katswiri wa sola.

Nanga mitambo?

Iyi ndiye nkhani yeniyeni. Kukachita mitambo yokhuthala, panelo imapereka mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake, nthawi zina kutsika mpaka limodzi mwa khumi. Siileka, imangodontheza. Kwathu kuno mitambo yotere imachuluka mu January ndi February, mvula ikamata masiku atatu osakata. June ali ndi mitambo yake ya m'mawa, ndipo masana ake ndi aafupi, choncho batire silidzaza, inu n'kuliyamwanso usiku mpaka kuuma. Batire la asidi likamatsitsidwa kupyola theka tsiku ndi tsiku silichedwa kufa. Langa linafera momwemo, osakwanitsa ndi chaka.

Tsono amayi, tumani mwana akaone ngati panelo yapenya kumpoto, itapendekeka madigiri ngati 15. Aitsuke ndi madzi ndi kansalu kofewa m'mawa isanatenthe, muonenso chimene chikuichititsa mthunzi. Kukachita mitambo, TV iyambe yapuma, mutchaje mafoni masana. Zikapitirira, kayezetseni batire musanagule panelo ina.