Tifunseni: Dazi likubwera, ndimwe mapiritsi kapena ndikadzalitse tsitsi ku Turkey?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndi mnyamata wa zaka 28, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndili ku Joni kuno pa ntchito. Tsitsi langa linayamba kuthothoka ndili ndi zaka 23, linayambira m'mbali mwa chipumi umu ndiye pano pa liwombo pakuoneka khungu ndikaima padzuwa. Bambo anga ali ndi dazi, amalume anganso chimodzimodzi. Ndapakapo mafuta a nsatsi, madzi a anyezi, ndinagulanso kabotolo kena pa intaneti kodula bwino koma palibe chasintha. Anzanga akuti ku Turkey amadzala tsitsi tsiku limodzi basi nkhani yatha, moti ndayamba kusunga ndalama. Ndipite? Nanga mapiritsi aja akuti amapha mphamvu za kuchipinda ndi zoona? Wodandaula, Johannesburg.

Yankho: Achimwene, poyamba pepani. Anthu amaseka za dazi ngati nkhani yaing'ono, ena nkumati dazi ndi chuma, koma munthu wa zaka 28 ukakhala pampando kometetsa, wometa akuzungulira ndi makina kufunafuna poti ayike laini mpaka kuyikweza m'mwamba, zimawawa mumtima ndithu. Funso lanu silachibwana ayi.

Mmene mwafotokozeramu, ili ndi dazi la kumtundu, madokotala amalitchula kuti androgenetic alopecia. M'thupi mwa mwamuna aliyense muli homoni ya testosterone ndipo gawo lina limasinthidwa kukhala homoni ina yotchedwa DHT. Kwa anthu ena timizu ta tsitsi la kutsogolo ndi pamwamba sitigwirizana naye DHT ameneyu, timafota pang'onopang'ono, tsitsi likagwa lobwera m'malo mwake limakhala lopyapyala komanso lalifupi, lotsatira loposa pamenepo, mpaka pamangotsala kaubweya ngati ka khanda kenako muzu umatsekeka. Si chipewa chanu, si madzi a ku Joni, si kuganiza kwambiri. Ndipo mukadzapita kumudzi dzaonetsetseni mutu wa bambo anu, kunkhongo ndi pamwamba pa makutu tsitsi lilipo eti? Limenelo silimumva DHT. Gwirani mfundo imeneyi chifukwa opaleshoni yonse yodzala tsitsi ija yagona pomwepo.

Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi basi, DHT samukhudza. Mankhwala amene anayesedwa bwinobwino pa anthu ambiri ndipo anaoneka kuti amathandiza alipo awiri.

Oyamba ndi minoxidil, opaka pamutu, amabwera a 2% ndi a 5%, amuna nthawi zambiri amapaka a 5% m'mawa ndi madzulo. Poyambirira anali mapiritsi a BP, ndiye madokotala anaona kuti odwala akumera ubweya m'malo osayembekezeka, ndi mmene anapangira opakawa omwe anavomerezedwa ku America mu 1988 ndi dzina loti Rogaine, kwina amalemba Regaine. Muzipaka pakhungu pouma, osati kungonyowetsa tsitsi, mukatha sambani m'manja. Masabata oyamba tsitsi limatha kugwa kuposa kale ndipo apa ndi pamene ambiri amataya botolo kuganiza kuti anamizidwa, chonsecho ndi tsitsi lakale likupereka malo kwa latsopano. Muzidikira miyezi 4 mpaka 6 musanaweruze. Ena amayabwa pamutu kapena kutuwa ngati mfundu. Ngati m'nyumba muli mphaka asanyambite, kwa mphaka ndi poizoni weniweni.

Achiwiri ndi finasteride, piritsi la 1 mg patsiku, amene mukuwaopawo. Awa anayamba mu 1992 ngati mankhwala a 5 mg a prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, a dazi anavomerezedwa mu 1997 ndi dzina loti Propecia. Ntchito yake ndi kutchinga testosterone asasanduke DHT, moti DHT m'magazi amatsika pafupifupi ndi 70%. Pa kafukufuku wamkulu amene anachitika, amuna oposa 8 pa 10 alionse tsitsi lawo linasiya kuchepa patatha zaka 2 akumwa, ena linawonjezeka. Pa awiriwa amphamvu ndi amenewa, ndipo amagwira bwino munthu akayamba msanga timizu tisanafe, ngati inuyo.

Za kuchipindazo sindikubisirani. Pa kafukufuku yemweyo amuna pafupifupi 4 pa 100 anadandaula za kuchepa kwa chilakolako kapena kufooka, koma dziwani kuti pa amene ankapatsidwa piritsi lopanda mankhwala, 2 pa 100 anadandaulanso zomwezo. Ndiye vuto lilipo koma si la aliyense ngati mmene anzanu akunenera. Ambiri akasiya kumwa zimabwerera mwakale, alipo ochepa amene amati zinapitirirabe atasiya, ndipo ku Britain oona za mankhwala anachenjezanso mu 2024 kuti ena amakhumudwa kwambiri mpaka maganizo odzipha. Ngati munadwalapo matenda a maganizo muwauze adokotala musanayambe, ndipo mukaona kusintha kulikonse siyani mukaonane nawo. Mayi woyembekezera asagwire piritsi losweka kapena lophwanyika, limatha kuononga ziwalo zobisika za mwana wamwamuna m'mimba. Komanso mukadzakula nkumayezetsa PSA, kuyeza magazi koona za prostate, muzinena kuti mumamwa, chifukwa amatsitsa nambala ija pafupifupi ndi theka. Awa si mankhwala ogula kwa munthu wa pa WhatsApp, akulembereni dokotala mugule ku famase yodziwika.

Chowawa pa onse awiri ndi chakuti mukasiya, pakapita miyezi ingapo mpaka chaka zonse munapeza zija zimagwa, mutu umabwerera pamene ukanakhala. Ndiye werengani bajeti ya mwezi ndi mwezi, osati ya botolo limodzi.

Tsopano za ku Turkey. Opaleshoniyi sipanga tsitsi latsopano ngakhale limodzi, imasamutsa lanu lomwe, kuzula kunkhongo kukadzala kutsogolo, ngati kuokera mbande za fodya kuchoka ku nazale kupita kumunda. Dokotala wa ku New York, Norman Orentreich, ndi amene analemba mu 1959 kuti tsitsi la kunkhongo likasamutsidwa limapita ndi khalidwe lake, silifota pamalo atsopano. Njira zilipo ziwiri. Ya FUT amadula kachikopa kakatali kunkhongo, kusoka, nkugawa timizu, imasiya chipsera cha mzere chimene chimaoneka ukameta kwambiri. Ya FUE amazula kamodzikamodzi ndi kachitsulo kozungulira kosakwana milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, imasiya timadontho. Kagulu kalikonse ka timizu kamene amazula kamakhala ndi tsitsi 1 mpaka 4 ndipo pamutu umodzi amatha kusamutsa timagulu 2,000 kapena 3,000, mutakhala pampando maola 6 mpaka 8 atakubayani jekeseni wochititsa dzanzi. Tsitsi lodzalalo limagwa pakapita masabata ochepa, musadabwe, mizu imatsala, limayamba kumera mwezi wachitatu kapena wachinayi ndipo chithunzi chenicheni mumachiona patatha chaka. Zoti tsiku limodzi nkhani yathazo ndi za otsatsa malonda.

Nazale ija ili ndi malire achimwene, ukazula sizimeranso. Inu muli ndi zaka 28 ndipo dazi lanu likadayenda, mukadzala lero kutsogolo osamwa mankhwala, tsitsi lakale lakumbuyo kwa lodzalalo lipitiriza kugwa, pakatha zaka 5 mudzakhala ndi kachilumba ka tsitsi pachipumi kumbuyo kuli mbee, ndipo podzafuna kukonza kunkhongo kudzakhala kutatha. Wosewera mpira uja Wayne Rooney anachititsa opaleshoniyi ku London mu 2011 ali ndi zaka 25, analengeza yekha pa Twitter, mu 2013 anabwereranso kachiwiri. Iye ndalama zobwerera anali nazo.

China chimene zithunzi za pa Instagram sizikuuzani, tsitsi lathu ife anthu akuda ndi lopiringizika ngakhale pansi pa khungu, muzu umapinda ngati mbedza. Kachitsulo ka FUE kamalowa mowongoka ndiye amene sanazolowere mitu yathu amadula mizu yambiri pakati, imeneyo yafa basi. Ubwino wake tsitsi lopiringizika limaphimba malo ambiri, timizu tochepa timaoneka todzaza. Komanso khungu lathu limakonda kutupa zipsera, ngati muli ndi chipsera chotupa pachifuwa, pakhutu kapena tizilonda tolimba ta kunkhongo tobwera ukameta, nenani msanga chifukwa opaleshoni ikhoza kukusiyirani zoipa kuposa dazi. Ku Istanbul, ku Turkey komweko, kuli madokotala abwino ndithu ndipo mtengo ndi wotsika poyerekeza ndi ku London, komanso kuli malo ena amene amalandira anthu ambirimbiri patsiku dokotala nkungolemba mzere pachipumi ndi cholembera ntchito yonse nkusiyira othandizira. Funsani kuti ozula ndani, dzina lake, muone zithunzi za anthu akuda amene anawachita patatha chaka, ndipo mufunse kuti bala likachita mafinya mutabwerera ku Joni akuonani ndani.

Ine ndikanakhala inu ndalama mukusungazo ndikanatapako pang'ono kukaonana ndi dokotala wa khungu konko ku Johannesburg, alipo ambiri ndipo ena amachita opaleshoni yomweyo. Yambani mankhwala, dzijambuleni pamutu ndi foni malo amodzimodzi mwezi uliwonse, mudikire chaka. Mwina simudzafunanso tikiti ya ndege. Ndipo mukadzasankha kungometa mpala palibe cholakwika, dazi si matenda oti angakupheni.

Funso: Ine ndi mayi wa zaka 35, ndimakonda kuluka zingwe ndi mesh. Tsitsi la kutsogolo ndi m'mbali latha, chipumi chikungokulira, pano ndimangovala wigi kapena duku. Ndimwe nawo mapiritsi a amunawo? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Ayi mayi, finasteride musamwe, makamaka poti mukhoza kutenga mimba, komanso vuto lanu likuoneka kuti si la DHT. Ili ndi tsitsi lothothoka chifukwa chokokedwa, amati traction alopecia. Mukudziwa mmene zimakhalira ku saluni, oluka akukoka mpaka nsidze kukwera, usiku osagona bwino mpaka kumwa panado, m'mawa timatuza toyera tili ndandanda m'mphepete mwa chipumi. Timatuzato ndi mizu ikulira. Zikachitika zaka zambiri, makamaka pa tsitsi lothira mankhwala owongola lomwe ndi lofooka kale, muzu umafa pamatsala khungu losalala lonyezimira.

Ngati pakadali kaubweya kakang'ono chiyembekezo chilipo. Masulani, mupumitse mutu miyezi ingapo, mukadzalukanso zikhale zikuluzikulu, zopepuka, ndipo zikamawawa muuzeni woluka amasule pompo, musachite manyazi ndalama ndi zanu. Wigi nayo ikamathina kapena yomata ndi guluu imakhula malo omwewo. Minoxidil wopaka amathandiza amayi ambiri koma osati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, ndipo samalani asayenderere kumaso angakumeretseni ubweya m'masaya. Kayezetseninso magazi, kuchepa kwa ayironi ndi matenda a chithokomiro zimagwetsa tsitsi, ndipo ngati mwangobereka kumene tsitsi limagwa lambiri pakatha miyezi 3 kapena 4 koma limabwerera lokha. Mukaona kuti lathothokanso pakati pamutu ndipo pakuyabwa kapena kuwotcha, thamangani ku chipatala cha Kamuzu Central mufunse oona za khungu, pali mtundu wina umene umagwira kwambiri amayi akuda, umayambira pa liwombo nkumafalikira uku ukusiya zipsera, ukachedwa subwerera. Pamene mizu inafa kale opaleshoni yosamutsa ija imatheka kwa amayinso, bola kukokako mutasiyiratu.

Funso: Mwana wanga wa zaka 7 wadzuka ndi kamalo kozungulira kopanda tsitsi ngati ndalama yachitsulo. Agogo ake akuti afiti amumeta usiku. Nditani? Bambo wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, agogo akunena chifukwa chokonda mdzukulu wawo koma mwanayo mupite naye ku chipatala. Yang'anani pamalopo powala. Ngati pali motuwa, timamba ndi titsitsi toduka tosiya timadontho takuda, chimenecho ndi chipere, ana amapatsirana kusukulu kudzera m'zipeso, zipewa ndi makina ometera. Cha pamutu sichimva zopaka zokha chifukwa chimalowa mu muzu, pamafunika mankhwala akumwa ngati griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo abale ake ogona naye chipinda chimodzi awaonenso. Ngati pali posalala bwinobwino popanda kutuwa, mwina ndi alopecia areata, chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa nkumalimbana ndi mizu ya tsitsi, sipatsirana ndipo kwa ambiri limameranso lokha chaka chisanathe, nthawi zina limayamba loyera kenako nkuda. Musalole kuti amutemere mphini kapena kumupaka mafuta a mabuleki pamalopo. Chipeso chake ndi pilo muchape ndi madzi otentha, ndipo kometetsa muzipita ndi makina anuanu ngati mungakwanitse.