Funsani Adokotala: Mimba inalipo, koma mwana mulibe

Funso: Ndinali ndi mimba ya miyezi 3 ndipo ndinkasanza koopsa. Kenako ndinayamba kutaya magazi oderapo, otuluka ndi timatuza tonga mphesa. Atandiunika anati mulibe mwana, anandikolopa m'chiberekero n'kundiuza kuti ndisatengenso mimba msanga. Apongozi akuti mwana anachotsedwa m'matsenga. Kodi kudikiraku n'kwa chiyani? — Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Pepani mayi ndi zomwe zakuonekerani. Palibe amene anakuchotserani mwana. Vutoli, lomwe madokotala amati molar pregnancy, limayamba pa tsiku lotenga mimba. Nthawi zina dzira la mayi limakhala lopanda kanthu mkati, pena umuna uwiri umalowa m'dzira limodzi. Zikatero, m'malo mwa mwana, nsengwa ndi imene imakula mosokonekera n'kusanduka timatuza tamadzi. Imatulutsa hCG, homoni ya mimba yopezeka m'magazi, yochuluka kwambiri, n'chifukwa chake munkasanza motero.

Kukolopa si mapeto a chithandizo. Tizidutswa tosaoneka ndi maso titha kutsala n'kumakulabe, kulowerera m'khoma la chiberekero, mwinanso kusanduka khansa yotchedwa choriocarcinoma imene imathamangira ku mapapo. Mwa amayi 100 amene mimba yawo inali timatuza tokhatokha, pafupifupi 15 mpaka 20 amadzafunika mankhwala a khansa.

Timadziwira pa magazi. Muziyezetsa hCG pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mpaka itatsikiratu, kenako mwezi ndi mwezi, kawirikawiri kwa miyezi 6. Apa ndi pamene kudikira kukulowera: mimba yatsopano nayo imakweza hCG, ndiye sitingasiyanitse mwana ndi chotupa. Chonde tengani bambo akunyumba pa tsiku lanu la kuchipatala akadzimvere okha. Lerani ndi mapiritsi, jakisoni kapena makondomu. Lupu dikirani kaye hCG itsike, chifukwa chiberekero chikadali chofewa ndipo chitha kubooka.

Mukaona magazi osaleka, kupuma mobanika, kutsokomola magazi kapena mutu waukulu, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Pitani kuchipatala chapafupi akutumizeni ku Queen Elizabeth, mutanyamula buku lanu la kuchipatala. Chotupachi chimamva mankhwala kwambiri, monga methotrexate, ndipo ambiri amachira chiberekero chili chilipo.

Mutha kudzaberekanso. Vutoli limabwereza mwa mayi mmodzi kapena awiri okha pa 100. Mukadzaima, mudzayambe sikelo msanga, mudzawauze anamwino za mbiriyi kuti adzakuunikeni miyezi 3 isanakwane.