Yankho kwa Amalume pa za Bulaketi ya Kompuresa ya Hilux

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Chitakale? Pepani kuti ndachedwa kuyankha, uthenga wanu unandipeza ndili pansi pa galimoto, ndipo ndinaona kuti nkhaniyi ndi yofuna kuiyankha nditakhala pansi. Ndikuyankhira pagulu pomwe pano chifukwa alamu a ku Bvumbwe nawonso ali ndi galimoto ya msinkhu womwewo, mwina apindulapo. Ngati ndinamva bwino, mukuti kompuresa ya eyakoni ya Hilux yanu ija yauma moti sikuzunguliranso, bulaketi imene imaigwira inathyoka kawiri ndipo kawiri konseko munakawotchereretsa, tsono wina ku Limbe wakulonjezani kuti akuikirani ya mtundu wa Sanden tsiku limodzi lokha. Mukufuna kudziwa ngati muvomere, komanso ngati kuli bwino kuitanitsa bulaketi yopangiratu kuchokera ku Joni kapena kupangitsa konkuno.

Kompuresayo muivomere, koma za tsiku limodzizo musavomere, chifukwa ine ndikuganiza kuti chimene chinapha kompuresa yakaleyo ndi bulaketi yomweyo, ndipo mukamangirira yatsopano pa chitsulo chopotoka mudzaiguliranso ina mvula isanathe.

Ndifotokoze chifukwa chake. Injini yanu ndi 3L, ya malita 2.8, ya masilinda anayi, ndipo monga injini zambiri zakale za dizilo imapanikiza mpweya pafupifupi ka 22 isanaphulitse mafuta, pomwe ya petulo ya nthawi yomweyo inkapanikiza ka 9 kapena ka 10 basi. Kuphulika kulikonse kumakhala ngati kumenya ndi nyundo, ndipo mungadzionere nokha mukatsegula boneti injini ikulira galimoto itaima, muone mmene zonse zimanjenjemerera. Tsono kompuresa ndi chinthu cha makilogalamu angapo cholenjekeka pambali pa injiniyo, ngati munthu wanyamula ndowa ya madzi mkono atautambasula, ndipo lamba akuikoka nthawi zonse. Onjezanipo misewu yathu ya m'minda ya tiyi ndi ya kumidzi kumene mumakatenga chimanga, mudzaona kuti bulaketiyo sipuma.

Mukayang'anitsitsa pamene inathyoka kachiwiri, ndikhulupirira mupeza kuti mng'alu sunadutse pa chowotchereracho, unadutsa pambali pake penipeni. Zimatero chifukwa moto umasintha chitsulo cha m'mbali mwa powotchererapo, ndipo ngati bulaketiyo ndi ya chitsulo chothira m'chikombole, ndodo wamba zowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo sizigwira bwino. Choipa kwambiri n'chakuti chitsulo chikamazizira chimakoka, bulaketi n'kupotoka pang'ono, mwina ndi mamilimita awiri kapena atatu okha, omwe diso silingaone. Kuyambira pamenepo lamba sayendanso molunjika, amakokera kumbali pule ya kompuresa (gudumu loyendamo lamba), beringi ya kilatchi ya kompuresayo imayamba kulira, silo ya kutsogolo yotchinga kudontha imayamba kutaya mafuta pamodzi ndi gasi, ndipo kompuresa yosowa mafuta mapeto ake ndi amene mwawaonawo.

Palinso chinthu china chimene wa ku Limbeyo mwina sanakuuzeni. Toyota imaika makompuresa a Denso, omwe ambiri amamangidwa ndi mabawuti anayi aatali odutsa chopingasa m'thupi mwake, pomwe Sanden imene imagulitsidwa paliponseyi ili ndi makutu kutsogolo ndi kumbuyo, mabawuti n'kumadutsa chamulitali. Mabowo sangakumane ngakhale mutatani. Amene amamaliza ntchitoyi tsiku limodzi amadula kachitsulo, n'kukaboola mongoyerekeza, n'kuunjika mawashala mpaka pule ioneke ngati yafika pamzere. Mawashala ounjikana amatsetsereka ndi kudyana, bawuti n'kumasuka, ndipo pa injini ya dizilo zimenezi sizitenga miyezi yambiri.

Pa za mtundu, pali ziwiri zodziwika. Imene amakanika amaitchula kuti 508 ndi SD5H14, ya mapisitoni asanu, ndipo imene amati 709 ndi SD7H15, ya mapisitoni 7, yomwe imapopa kwambiriko komanso mosagwedeza. Kwa kanyumba ka Hilux, 508 ndi yokwanira. Pogula muonetsetse kuti kilatchi yake ndi ya mavoti 12, chifukwa za mavoti 24 za malole ndi mabasi zimaoneka chimodzimodzi, komanso kuti mizere ya pule yake ndi ya lamba wa V wofanana ndi wanu, osati wophwatalala wa timizere tambiri uja. Zongotengera dzina nazonso zachuluka, choncho mtengo ukatsika mokomera kwambiri mufunse bwino. Poimangirira, chotsekera cha pothirira mafuta chikhale chakumwamba, kapena chipendekere kumbali osapitirira madigiri 90.

Tsopano za bulaketi. Yopangiratu ya ku Joni ndi yabwino ngati wogulitsa walemba momveka kuti ndi ya injini ya 3L komanso ya kompuresa imene mwasankha, ndipo musanatumize ndalama mumupemphe chithunzi chake itamangidwa pa injini yonga yanu, chifukwa pampu ya chiwongolero ndi mapaipi zimadya malo ambali yomweyo. Ikabwera yosakwana, kuibweza kudzakudyerani kuposa mtengo wake. Ine ndikanakonda kuti tipangitse konkuno, koma mwadongosolo. Tipeze chitsulo chokhuthala mamilimita 8 kapena 10, tiyambe tajambula pa katoni n'kuyesa pa injini, kenako tidule. Igwire pa thupi la injini malo osachepera atatu, pakona paikidwe kachitsulo ka makona atatu kochirikiza, ndipo makutu akumbuyo a kompuresa akhale ndi mkono wawo wowagwira, chifukwa ambiri amamanga kutsogolo kokha, kumbuyo n'kumagwedera ngati mchira. Wowotcherera ayambe wangodontheza timadontho, tiyese mzere, ndipo kuwotcherera kwenikweni kuchitike titaichotsa pa injini. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu, osati a m'sitolo za zomangira nyumba, ndipo pakatsala mpata tikasemetse kachitsulo kamodzi ka muyeso wake kwa a makina osemera zitsulo ku Limbe.

Za mzere wa lambazi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Ndikungoyamba kumene ntchito ndinamangira munthu wina bulaketi yokongola, yopakidwa penti yakuda, koma mzere ndinangouyeza ndi maso. Patatha milungu itatu anandiimbira ali pa msewu wa ku Thekerani, lamba atavuka n'kukolana ndi wa alternator, batire yasiya kulandira moto, ana ali m'galimoto dzuwa lili pamutu. Nditafika ndinapeza ufa wakuda wa labala utadzaza kutsogolo kwa injini, kusonyeza kuti lambayo ankadyeka mbali imodzi kuyambira tsiku loyamba. Kuchokera tsiku limenelo ndimagoneka chitsulo chowongoka pa nkhope ya pule ya crankshaft, imene imazunguza malamba, mpaka chikakhudze ya kompuresa, ndipo ndikaona kuwala kukudutsa pakati ndimamasula zonse. Lamba akamangidwa, mukamusindikiza ndi chala chachikulu pakati alowe pafupifupi sentimita imodzi, ndipo watsopano amafunika kumukunganso atayenda masiku angapo chifukwa amatamuka.

Gasi ndi mafuta ndizitchule mwachidule, ngakhale kuti simunafunse, popeza zingathe kuononga ntchito yonseyi. Galimoto zakale zinkagwiritsa ntchito gasi wa R12, yemwe mayiko anagwirizana zomusiya pa pangano la ku Montreal la 1987, ndipo pofika cha m'ma 1994 galimoto zatsopano zinali zitasamukira ku R134a. Mukaona pothirira gasi pali mazinga ngati vavu ya tayala, yanuyo inapangidwira R12, ndipo mafuta ake sagwirizana ndi gasi watsopanoyu, amene amafuna mafuta a mtundu wa PAG. Popeza kompuresa yakale inauma, tizidutswa ta chitsulo tamwazikira m'mapaipi ndi mu kondensa (karediyeta ka eyakoni), choncho zonsezo zitsukidwe, kabotolo koumitsa chinyezi kaja kasinthidwe, vavu yotulutsira gasi ku mbali yozizira ionedwe, ndipo mpweya wa m'mapaipi uyamwidwe kunja ndi pampu kwa theka la ola kapena kuposerapo asanathire gasi. Gasiyo athire poyeza pa sikelo, ndipo ngati munali R12, muyeso wa R134a umakhala wocheperako kuposa wolembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti.

Mwina mukuganiza kuti kwa munthu wa kuno ku Mulanje ndalama zonsezi ndi zongodzisangalatsa. Kutentha kwa Okutobala mukukudziwa, makamaka mukatsikira ku Muona kukaona azakhali, koma ine chimene ndimaganizira kwambiri ndi chiperoni cha Juni ndi Julayi, pamene galasi lakutsogolo limachita nthunzi mkati, inu n'kumapukuta ndi kansalu dzanja limodzi lili pa chiwongolero m'makona a pakati pa Luchenza ndi Thyolo boma, anthu othyola tiyi ndi anjinga ali m'mphepete mwa msewu. Eyakoni imaumitsa mpweya, galasi n'kuyera msanga. Kungoti 3L si injini ya mphamvu zambiri, ndiye tidzaonenso kachida kamene kamakweza liwiro la injini kompuresa ikagwira, titsuke rediyeta, ndipo pokwera chitunda mutanyamula katundu muziyang'ana muvi wa kutentha, ukayamba kukwera muzizimitsa eyakoniyo.

Chonde mawa kukacha mupemphe mdzukulu wanu ajambule bulaketiyo mbali zonse, makamaka pothyokapo, ajambulenso kapepala ka pa kompuresa yakale ndi pothirira gasi pawiri ponse, atumize pagulu pano. Pakadali pano lamba wa kompuresa mumuchotse ndithu ngati sazunguza china chilichonse, galimoto iziyenda popanda iye. Loweruka ndidzakhala ndili ku galaja ku Luchenza kuyambira m'mawa, mubwere nayo msanga kuti injini ikhale ndi nthawi yozizira, kenako tijambule katoni ija, ndipo wa ku Limbeyo mumuuze kuti ayambe wadikira. Mupereke moni kwa onse kunyumba.