Kuwerenga matumba anu si kuchepa kwa chikhulupiriro

Mayi a ku Santhe, funso lanu ndalimva. Mwanena kuti ng'amba ya mu Januwale inapsereza chimanga chanu chitangoyamba kumasula, mabelo awiri a fodya abwezedwa ku okushoni, ngongole ya feteleza ikadali pakhomo, ndipo mlaliki wina wakuuzani kuti wokhulupirira sanena kuti zinthu zavuta, popeza timayenda mwa chikhulupiriro osati mwa zooneka ndi maso. Tsono mukufunsa ngati kudandaula kwanu kuli kusakhulupirira Mulungu.

Mawu amene mlalikiyo watchula alipodi pa 2 Akorinto 5:7, koma amene anawalemba ndi Paulo, yemwe m'kalata yomweyo, pa mutu 11, akuwerenga poyera mikwingwirima yake, njala, ludzu, kusowa tulo ndi kusweka kwa zombo katatu. Paulo sanabise vuto lililonse pofuna kuoneka wauzimu.

Taonani zimene zinachitika ku Dotani, pa 2 Mafumu 6. Mnyamata wa Elisa analawirira m'mamawa napeza mudzi wazingidwa ndi akavalo ndi magaleta a Aaramu, ndipo anachita mantha. Elisa sanamuuze kuti asilikaliwo kulibe, chifukwa analipo ndithu, ndi zida zawo zomwe. Iye anangopempha Yehova kuti atsegule maso a mnyamatayo, ndipo anaona phiri lodzala ndi akavalo ndi magaleta amoto. Adani aja sanachoke pa nthawi imeneyo, koma mnyamatayo anaona zambiri kuposa zimene anaona poyamba. Kwa ine kuona ndi maso achikhulupiriro n'kumeneko, kuti mumalowa m'nyumba, mumawerenga matumba anu monga momwe alili, mumavomereza kuti sakafika Okutobala, koma simulola kuti matumbawo akhale mboni yokhayo yonena za Mulungu wanu.

Ife a ku Kasungu tiyenera kusamala kwambiri ndi chiphunzitso chokana zooneka, chifukwa njala timaidziwa. Amene analipo mu 2002 akukumbukira anthu akugona pamzere wa ku ADMARC, ena akudya gaga ndi mizu ya nthochi, mbuzi ndi njinga zikugulitsidwa pa mtengo wozizira, kufikira boma la Bakili Muluzi linalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi. Amene anamwalira chaka chimenecho ambiri anali anthu opemphera, akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano omwe. Kunena kuti anafa chifukwa cholankhula mosakhulupirira n'kuwanamizira, ndipo n'kunamiziranso Mulungu.

Nkhani imene ndikufuna muiwerenge mofatsa ili pa Machitidwe 27. Namondwe atawagwira panyanja, Paulo anauza anthu 276 amene anali m'chombo kuti mngelo wamutsimikizira kuti palibe adzafe, koma anawauzanso mosapita m'mbali kuti chombocho chidzasweka. Kenaka, ngakhale anali ndi lonjezo la Mulungu m'manja, analetsa amalinyero kuthawa, nakakamiza anthu onse kuti adye kuti apeze mphamvu. Chombo chinaswekadi, katundu anatayika, ndipo ena anafika kumtunda atakangamira matabwa. Mulungu anasunga mawu ake, koma njira yake inali yowawa, ndipo anthuwo anafunika kusambira.

Choncho, mayi, pempherani monga mwa nthawi zonse, ndipo m'pempheromo nenani zoona, pakuti Masalimo ambiri ndi madandaulo a anthu amene ankamukonda Mulungu. Mukatero pitani kwa amene anakukongozani feteleza musanathe masiku, mukawafotokozere mmene zilili ndi kupangana nawo kabwezedwe kake, m'malo mowazemba. Mabelo abwezedwawo muwasankhenso bwino pamodzi ndi anzanu a m'kalabu. Ngati muli ndi dimba, ino ndi nthawi yolilowa madambo asanaume, ndipo chimanga chochepa chimene mwakololacho musachipereke kwa mavenda chifukwa cha mantha a lero.

Chinanso, uzani a kumpingo kwanu, kaya ndi kumlaga kaya kumphakati. Ambiri timachita manyazi kunena kuti chakudya chatithera, mwina poopa kuti atiyesa ofooka m'mapemphero, chonsecho thandizo limene tikupempha kumwamba nthawi zambiri limabwera m'lichero la mnzathu wokhala naye pa benchi imodzi. Za mlalikiyo sindingaweruze mtima wake, koma akadzakuuzani kuti mugulitse mbuzi yanu yotsalayo kuti "mubzale mbewu" kwa iye, mbuziyo muisunge, ana adzaifuna mu Febuluwale.