Mawu anasasa, medical aid yakana kulipira: kodi ndisinthitse khodi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Rosettenville, muno mu Johannesburg. Pakati pa sabata amaphunzitsa ana kusukulu yamkaka, Lamulungu amatsogolera kwaya. Mawu awo anasasa, sabata zinayi osabwerera. Dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi atawaunika ndi kakamera anapeza totupa tiwiri pa minofu yotulutsa mawu, n'kuwatumiza kwa speech therapist, katswiri wothandiza pa mavuto a mawu ndi kalankhulidwe. Apitako kanayi, akulipira za m'thumba, koma medical aid (inshuwalansi ya zachipatala) ya kuntchito yabweza claim yonse, yakana kuwabwezera ndalamazo. Funso lawo n'lakuti: "Achimwene, mnzanga akuti ndikapemphe a therapist alembe khodi ina ya matenda imene imalipiridwa. Ndi itiyo?"

Mayi, mnzanuyo musamumvere. Ndimagwira ntchito ya mabilu pa kachipatala kena muno mu Johannesburg, ndipo pempho lotereli ndimalimva pafupipafupi. Kulembetsa matenda amene mulibe ndi chinyengo. Therapist wanu akhoza kukayankha mlandu ku HPCSA, bungwe limene linamupatsa chilolezo, ndipo inu matenda abodzawo amakhalabe m'mbiri yanu. Komabe mnzanuyo pena walasa: ma claim ambiri amagwa chifukwa khodi inalembedwa molakwika, ndipo kukonzetsa cholakwika ndi ufulu wanu.

Ndayang'ana chithunzi cha invoisi chimene munatumiza. Pansi pa ICD-10 palembedwa R49.0 yokha.

ICD-10 ndi kaundula wa matenda wa bungwe la WHO, ndipo kuno ku South Africa kuyambira 2005 claim yopita ku medical aid imayenera kukhala ndi khodi yochokera m'menemo. Makhodi oyamba ndi R amanena chizindikiro chabe, monga chimene khutu lamva. R49.0 ndi kusasa mawu. R49.1 ndi mawu kutheratu, munthu n'kumangonong'ona. R49.2 ndi ya mawu otulukira m'mphuno, kapena omveka ngati mphuno zatsekeka, ndipo timaiona kwambiri pa ana obadwa ndi mpata kumwamba kwa m'kamwa, amene khodi yawo yaikulu imakhala ya Q35 kapena Q37. Onsewa sakunena chimene chayambitsa vuto.

Chimene dokotala anaona ndi maso chili ku J38. Totupa tanu tija, timene timabwera ndi kukuwira ana tsiku lonse n'kukayimbanso mokweza Lamulungu, ndi J38.2. Kachotupa kofewa ka mbali imodzi ndi J38.1. Mnofu wa mawu ukafa ziwalo, monga zimachitikira ena akachitidwa opaleshoni ya chithokomiro, ndi J38.0. Ndiye kwa inu, popeza dokotala anaunika n'kupeza, khodi yoyamba iyenera kukhala J38.2, R49.0 izibwera pambuyo. Apa simukusintha matenda. Mukungolemba amene muli nawodi.

Ndikuganiza kuti kalata ya dokotala sinafike pa desiki yolemba mabilu. Zimachitika. Wodwala amalowa nayo m'chikwama, therapist amaiwerenga m'chipinda, ife kunja kuno timangomva munthu akupereka moni mosasa, n'kulemba R49.0. Pitani nayo kalatayo, muwapemphe invoisi yokonzedwa. Poilandira muone kuti pali nambala yanu ya umembala, tsiku lililonse limene munapita, practice number (nambala yolembetsera ntchito) ya therapist, ndi dzina la dokotala amene anakutumizani.

Chenjezo limodzi kwa okonda kufunsa Google. Masamba ambiri amene amatuluka ndi a ku America, ndipo iwo ali ndi mtundu wawo wa ICD-10 wokhala ndi manambala owonjezera. Ine ndili watsopano ndinakopera R49.21 pa claim ya mwana wina. Inabwerako tsiku lomwelo, chifukwa kuno khodiyo kulibe, timathera pa R49.2. Ndinachita manyazi pouza bambo ake, amene anali atapempha tsiku kuntchito kuti adzafunse za ndalama zawo.

Tsopano mbali yowawa. Khodi yolondola si lonjezo lakuti alipira. M'ma plan ambiri speech therapy imachoka ku savings, ndalama zimene medical aid imakusungirani padera, kapena ku kathumba ka zolipira za tsiku ndi tsiku, ndipo ngati yanu ndi hospital plan yokha, yolipira mukagonekedwa m'chipatala, kawirikawiri za kunja kwa chipatala ngati izi mulibe. Lamulo la Medical Schemes Act la 1998 lili ndi ma PMB, mndandanda wa matenda amene scheme iliyonse ya medical aid imakakamizidwa kulipira, monga khansa ya pakholingo yochizika, C32. Scheme imayang'ana khodi pofuna kudziwa ngati nkhani yanu ili m'menemo, n'chifukwa chake anthu amakopeka kunama. Choncho musanathamange, werengani statement yanu. Pambali pa mzere uliwonse wokanidwa pamakhala kanambala ka chifukwa, tanthauzo lake lili pansi pa tsamba m'tizilembo ting'onoting'ono. Ngati akuti khodi, ikonzeka. Ngati akuti savings yatha, invoisi yatsopano sithandiza.

Masiku nawo muwawerenge. Claim iyenera kufika pasanathe miyezi 4 kuchokera mwezi umene munathandizidwa. Scheme ikaona cholakwika iyenera kukudziwitsani m'masiku 30 n'kunena chifukwa, ndipo inu muli ndi masiku 60 oti mukonze n'kutumizanso. Poimba foni mulembe reference number ndi tsiku. Akapitiriza kukuzungulitsani, dandaulo limapita ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid, ku Centurion, ndipo kudandaula n'kwaulere.

Zikakhala kuti savings yathadi, musasiye chithandizo pakati. Zipatala za boma za Helen Joseph, Charlotte Maxeke ku Parktown ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto zili ndi ma speech therapist, kungoti mutenge kalata ya dokotala ndipo mzere ndi wautali. Ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein, kulinso kiliniki kumene ophunzira amathandiza moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Totupa ta mtundu wanu nthawi zambiri timaphwa popanda mpeni munthu akasintha kalankhulidwe, ndiye maulendo anayi mwayendawo sanapite pachabe.

Mwalembanso kuti kwaya ikukonzekera ukwati mwezi wamawa ndipo akudalira inu. Mufunse therapist wanu musanavomere. Ine ndikanati ulendo uno wina atsogolere, inu muziomba m'manja.